Apongozi akufuna Ndaziona, ine ndikufuna Takondwa

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Ndi woyembekezera, ku sikani amuuza kuti ndi mwana wamkazi, koma kunyumba nkhani ya dzina yavuta. Apongozi ake akuti mwanayo adzakhala Ndaziona, chifukwa cha mikangano imene inalipo pamene banjali linkayamba. Bambo a kunyumba akufuna lachizungu, Precious. Iye mtima wake uli pa Takondwa. Akufunsa kuti: woyenera kutcha dzina ndani, ndipo angakane bwanji popanda kuoneka wamwano?

Achemwali, poyamba ndikufunirani kuti mudzachire bwino.

Pa mwambo wathu, dzina silithamangiridwa. Mwana amakhala kaye m'chikuta mpaka mchombo utagwa, kenako akuluakulu, kaya agogo, azakhali kapena amalume, amamutcha dzina, nthawi zambiri atanyamula kamphatso m'manja. Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri kuno ku Zomba, amatcha pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Choncho apongozi anu sakulowerera za eni. Mdzukulu ndi wawonso, ndipo ulemu umenewu musawalande.

Koma pa dzina lakelo sindikugwirizana nawo. Mayina ngati Ndaziona, Tinenenji, Mavuto kapena Maliro sanabwere mwachisawawa. Ena ankaperekedwa pakhomo pamene ana ankangomwalira motsatizana, makolo n'kumati mwina imfa imulambalala mwana wa dzina loipa. Ena anali njira yolankhulira m'zining'a: mayi wolephera kuyankha mkazi mnzake kapena mlamu wake ankayika mawuwo pa mwana, ndipo akamamuitana madzulo, mudzi wonse unkamva uthengawo. Ndimawamvetsa makolo amenewo, anali ndi zowawa zenizeni. Vuto n'lakuti mkangano umatha, anthu n'kuyamba kudyeranso mbale imodzi, koma mtsikanayo amatsala nalo dzinalo. Aphunzitsi adzaliitana m'mawa uliwonse m'kalasi, lidzalembedwa pa satifiketi ya MSCE, adzalitchula pa tsiku la ukwati wake. Iye mkanganowo sanauone n'komwe.

Musadikire tsiku lotuluka m'chikuta, anthu atadzaza pakhonde. Pitani panopa, ndipo mawuwo atule ndi amuna anu, pakuti ndi mayi awo. Anene kuti: "Amayi, dzina mutcha ndinu, koma tikupempha likhale lachisangalalo." Muwatchulire angapo monga Takondwa, Tadala, Chisomo, Tiyamike kapena Mphatso, asankhe okha. Agogo ambiri chimene amafuna n'chakuti anthu adziwe kuti mdzukulu anamutcha ndi iwo.

La Precious lisakudetseni nkhawa, likhoza kukhala lachiwiri kapena la ubatizo.

Chinanso chimene ambiri amachipeputsa ndi kalembedwe. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 23, amati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake komanso la banja, ndipo bungwe la National Registration Bureau ndi limene limapereka chiphaso cha kubadwa. Mukachirira ku Zomba Central kapena ku Matawale, adzakufunsani dzina loti alembe pa fomu. Gwirizanani msanga, mulilembe pa kapepala, musunge m'chikwama momwe muli zitenje ndi matewera. Mmene lalembedwera pa fomupo likhale momwemonso m'kabuku ka kusikelo ndi m'kaundula wa kusukulu, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana, kukonzetsa kwake kumafuna kuyendera maofesi.