Waliwiro kapena womenya mwamphamvu: musunge uti?

Wowerenga wina watilembera imelo za ma outfielder awiri a baseball (osewera ogwira mpira kutali, chakumapeto kwa bwalo) amene amangokwera ndi kutsika pakati pa MLB, ligi yaikulu ya ku America, ndi Triple-A, ligi ya pansi pake. Wina amasewera center field (pakati), ndi waliwiro koma pomenya ndi wofooka. Winayo amasewera left field (kumanzere), ku Triple-A amamwaza ma home run (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) koma akakwera amangomenya mphepo. Funso lawo: waphindu ndani pa zaka zitatu zikubwerazi?

Akulu, ife tingasunge wa center field, ndipo chifukwa chake chili pa malo amene amaima. Powerengera WAR (masewero amene wosewera amapambanitsa timu poyerekeza ndi wongolowa m'malo), a webusaiti ya FanGraphs amawonjezera ma run (zigoli) 2.5 kwa wa pakati ndipo amachotsa 7.5 kwa wa kumbali, pa masewero 162. Kusiyana kwa ma run 10 kumeneku n'chimodzimodzi kupambana kumodzi, ndiye wa left field amayamba chaka ali ndi ngongole. Onjezani apa: timu imakhala ndi osewera 26, ndipo pa benchi pamatsala malo anayi okha, amodzi ndi a catcher (wogwira mpira kumbuyo kwa womenya) wachiwiri. Outfielder wachinayi akalephera kugwira pakati, mphunzitsi alibe naye ntchito.

Ma home run a ku Triple-A asakunyengeni. Funsani kaye bwalo lake. Albuquerque ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Mpweya ndi wopepuka, mpira umauluka patali ndipo curveball (mpira woponyedwa mokhotetsa) sikhota bwino. Ku Reno ndi ku Las Vegas nkhani ndi yomweyo. Chimene sichinama ndi ma strikeout (womenya kutuluka ataphonya katatu), chifukwa amaoneka msanga, akangomenya ka 60 chabe. Mu MLB avereji ndi pafupifupi 22 peresenti. Amene akupitirira 30 peresenti ku Triple-A, oponya a mu ligi yaikulu amudya wamoyo. Ngati batting average (avereji ya kumenya bwino) yake yakwera chifukwa BABIP (avereji yomweyo pa mipira yokhayo yomenyedwa m'kati mwa bwalo) yadutsa kutali .300, umenewo nthawi zambiri ndi mwayi, ndipo umatha.

Waliwironso ali ndi malire. Billy Hamilton anaba ma base 155 (kuthamangira base yotsatira mpira usanamenyedwe) m'ma ligi a pansi mu 2012, koma mu MLB OBP yake (avereji ya kufika pa base) inathera pansi pa .300, ndipo base yoyamba siibedwa. Chitsanzo choyenera ndi Jarrod Dyson: anasankhidwa mochedwa kwambiri, mu round 50 ya kusankha osewera atsopano mu 2006, sanakhale katswiri womenya, komabe anapambana World Series, chikho cha MLB, ndi Kansas City Royals mu 2015 n'kusewera mpaka 2021. Kungoti miyendo imayamba kulemera munthu asanafike zaka 30, choncho msinkhu muuwerenge kwambiri kwa waliwiro wanuyo.

Mwina munena kuti nanga Nelson Cruz, amene matimu onse anamusiya pa waivers (mndandanda pomwe timu iliyonse ikanamutenga) mu 2008 koma anamaliza ndi ma home run 464? Kapena J.D. Martinez, amene Houston inamuchotsa mu 2014 n'kukamenya 38 ku Detroit chaka chotsatira? Alipodi, koma ndi owerengeka, ndipo Martinez anali atasinthiratu kamenyedwe kake. Wa left field wanuyo akasintha choncho ndipo ma strikeout akatsika, pamenepo tisinthe maganizo.

Musaiwale ma option. Wosewera amakhala ndi zaka zitatu zoti timu imutsitse ku Triple-A momasuka. Zikatha, ayenera kudutsa pa waivers pomwe timu iliyonse ingamutenge. Awiriwa akafanana pa zina zonse, tengani amene option idakalipo.