Achemwali, musagule makamera

Kalatayi inandipeza Lachiwiri usiku, ndipo ndinaiwerenga kawiri ndisanagone. Yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza amene amagulitsa zitenje ndi nsapato. Foni yawo ya mabatani yawatumikira zaka zisanu, koma makasitomala ayamba kunena kuti "titumizireni kaye chithunzi pa WhatsApp tione." Asonkha ndalama ku banki mkhonde, kushopu awaonetsa ka itel ka tachi, koma mwana wawo wa kusekondale akuti imeneyo ndi yochititsa manyazi, bola iPhone yogwiritsidwa kale ntchito yochokera ku Joni. Ndiye akufunsa kuti kodi foni yotchipa ya tachi ingapirire ntchito ya tsiku ndi tsiku, kapena kuli kutaya ndalama?

Achemwali, mawu akuti manyaziwo ndi amene andisowetsa tulo, chifukwa ine manyazi omwewo anandigulitsa foni mu 2019.

Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba ntchito yatsopano ku Blantyre. Pa nkhomaliro anzanga ankayala mafoni awo patebulo ngati akuyanika nsomba, aliyense yake yaikulu, yonyezimira. Ine yanga ya mabatani ndinkaisiya m'thumba, ndipo ikalira ndinkatuluka panja kukayankhira kuseri kwa ofesi ngati ndikukasuta fodya. Malipiro achiwiri atangolowa ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Ndinalowa m'kashopu kena, dzina lake sinditchula, ndipo mnyamata wa mmenemo anandiwerenga ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Anatulutsa foni ya mtundu wa golide, kumbuyo kuli maso atatu a kamera, n'kuiika m'manja mwanga. "Bwana, iyi ikukukhalani." Basi, mawu anali omwewo. Sindinafunse za batire. Sindinafunse kuti mkati muli malo ochuluka bwanji. Ndinadzijambula kamodzi, ndinaona nkhope yanga itasalala ngati ya mwana wakhanda, n'kulipira. Risiti sanandipatse ndipo ine sindinaifunse, chifukwa bwana safunsa risiti.

Mwezi woyamba ndinali munthu. Foni ndinkaiika patebulo chafufumimba kuti maso atatu aja aziwaona anthu.

Kenako anayamba magulu. La kumpingo, la kwaya, la akumudzi okhala m'tauni, la amene tinaphunzira limodzi sitandade 8, la maliro a amalume limene mpaka lero silinatsekedwe ngakhale tinaika kalekale. Ndipo pano mundilole ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani iyi imandiwawa. Abale anga, chithunzi cha maluwa cholembedwa mafuno abwino a m'mawa chija, chimene mumatumiza 5 koloko m'magulu asanu ndi limodzi, chimakakhala m'foni ya munthu. Sichiuluka ayi. Vidiyo ya ulaliki ya mphindi makumi anayi ija imakakhalanso momwemo, ndipo ngati munthuyo sanatseke zoti zinthu zizidzilowera zokha, ikhoza kumudyeranso bandulo asanadzuke. Ndikudziwa kuti mumatumiza mwachikondi. Koma chikondi chanucho chapha mafoni ambiri kuposa mvula.

Foni yanga inali ndi malo osungira zinthu a 16GB. Ndinazidziwa mochedwa kuti pa 16 pamenepo Android yekha, pulogalamu yaikulu yoyendetsa foniyo, ndi mapulogalamu obwera nayo anali atadya kale pafupifupi theka. RAM, imene imathandiza foni kuthamanga, inali 1GB. Pofika mwezi wachinayi uthenga woti malo atha unkabwera tsiku lililonse. Kuti ndijambule chithunzi chimodzi ndinkayamba ndafufuta zitatu. Kutsegula WhatsApp kunali ngati kudikira minibasi kuti idzaze. Ndiye kunsi kwa sikirini kunayamba kusamva chala. Ukadina, zii. Ukadinanso mwamphamvu, imalemba chilembo china chimene sunachifune.

Ndinkapirira, mpaka usiku wina wa mwezi wa June, kukuzizira chiperoni. Cha m'ma 11 foni inalira, pa sikirini dzina la mlongo wanga wa kumudzi ku Ntcheu. Munthu wa kumudzi akaimba nthawi imeneyo mumadziwa kale kuti si moni. Ndinapalasa kuti ndiyankhe, foni osayankha. Ndinapalasanso. Inangolira m'manja mwanga mpaka kudula. Anaimbanso, chimodzimodzi. Kachitatu inalola, ndipo mlongo wanga anati amayi akomoka, pakufunika ndalama ya galimoto yowatengera kuchipatala, mwini galimoto akuti sadzutsa injini asanaone ndalama ya mafuta. Ndalama ndinali nayo mu foni momwemo. Koma kuti nditumize ndinayenera kudina nyenyezi ndi manambala, ndipo nyenyeziyo ili kuti? Kunsi kwa sikirini, kumene kunafa kuja.

Sindidzaiwala mmene ndinakhutulira drowa pansi kufunafuna ya mabatani ija, imene ndinkachita nayo manyazi. Mayi a kunyumba anavula ndolo kuti titulutsire simu khadi. Kafoni kaja kanali katagona miyezi isanu osatchajidwa, koma titakalumikiza kumoto kanayaka nthawi yomweyo, ndipo pasanathe mphindi ziwiri ndalama inali itapita. Amayi anachira, tikuthokoza Mulungu, ali moyo mpaka lero ndipo akulimabe mbatata zawo. Koma ine usiku umenewo ndinakhala pamphepete pa bedi ndikuyang'ana chigolide chija ndi maso ake atatu. Akuluakulu aja sananame za chikomekome cha mkuyu.

Nditapita nayo kwa wokonza mafoni, bambo wina wokhala pa kabenchi ndi kagalasi kake kokulitsa zinthu, anaitsegula n'kuseka. Anandionetsa kuti pa maso atatu aja, limodzi lokha ndi limene linali kamera. Awiri enawo anali magalasi ongomata. Ndinafunsa za sikirini ina, anati ya mtundu umenewu sangaipeze paliponse, chifukwa foniyo dzina lake ngakhale iye anali asanalimvepo. Anandiuza mawu amene ndimawabwereza kwa aliyense: musanagule foni, bwerani kaye kuno mudzafunse ngati sikirini yake tili nayo.

Tsono apa ndi pamene ndimalimba mtima, ndipo ena mukwiya. Vuto la foni yanga silinali kutchipa. Vuto linali loti ndinagula kuti anthu andione. Ndipo ndikunena mosapsatira kuti ambiri amene amanyoza itel ndi Tecno sanagulepo foni ndi thukuta lawo. Mwana wanuyo, achemwali, ndimupatse ulemu wake, koma sanakhalepo pamsika dzuwa lili pamutu kudikira kuti munthu agule chitenje chimodzi. Iye akuganiza za mmene anzake adzaionere foniyo akadzaibwereka pa holide. Inu mukuganiza za oda.

Anthu ambiri sadziwa kuti itel, Tecno ndi Infinix ndi ana a nyumba imodzi, kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, ku China. Kampani imeneyi inakula poyang'ana msika wa mu Africa muno, pamene makampani akuluakulu ankatiyesa osafunika. Anaona kuti munthu wa kuno amayenda ndi simu ziwiri, imodzi ya Airtel ina ya TNM, chifukwa kumene ina sigwira inzake imagwira, ndiponso chifukwa kasitomala wina ali pa Airtel Money wina pa Mpamba. Anaona kuti magetsi ndi osadalirika, n'kuika mabatire akuluakulu. Anakonzanso makamera awo kuti azijambula bwino khungu lakuda. Sindikunena kuti foni zawo zonse ndi zabwino, ayi, zilipo zina zofooka kwambiri makamaka zotsikitsitsa mtengo. Koma si zinthu zochita nazo manyazi. Zinapangidwa poganizira munthu ngati inuyo.

Za iPhone ya ku Joniyo ndiye musandiyambe dala. Ndi foni yabwino, inde, pamene inali yatsopano m'manja mwa mwini wake woyamba. Ikamafika kwa inu pa mtengo wofanana ndi itel yatsopano, dziwani kuti yayenda zaka zambiri ndipo batire lake latopa. Zakale zija zimalowa simu imodzi yokha. Memore khadi sizilowa n'komwe, palibe iPhone imene inalowapo. Ikagwa pa simenti ya pamsika, mtengo wa sikirini yake mudzaumva m'mimba. Ndipo ngati mwini wake wakale sanachotsemo akaunti yake ya iCloud, imene imamangirira foniyo kwa iye, tsiku lina ikhoza kudzitseka n'kusanduka galasi lodziyang'anira. Komanso ndani angakutsimikizireni kuti sinatsomphoredwe m'manja mwa munthu? Ndinaonapo mnzanga akulira ndi yotere, atalipira ndalama ya miyezi iwiri.

Batire ndiye nkhani imene ndinaiphunzira bwino mu 2022. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January chaka chimenecho, tonse tinadziwa tanthauzo la kukhala tsiku lathunthu opanda moto. Pamenepo ndinali nditagula ina, yosaoneka bwino, yakuda bii, yolemera ngati njerwa, koma ya batire lalikulu la 5000mAh. Anzanga a mafoni odula ankayenda ndi chaja m'thumba ngati mankhwala a mphumu, kulowa m'nyumba ya munthu moni asanapereke maso ali pakhoma kufuna soketi. Ine ndinkatchaja usiku umodzi n'kufika nayo mawa lake madzulo. Palibe amene anandiseka chaka chimenecho.

Mitengo sinditchula, ndipo musandikakamize. Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene ndingalembe lero ukhala bodza pofika mwezi wamawa. Zimandipweteka kuti foni imene kale inali ya mwana wasukulu lero munthu wamkulu akuisonkhera ku banki mkhonde miyezi ingapo. N'chifukwa chakenso sindifuna kuti mulakwitse, chifukwa ndalama imeneyo simuipezanso msanga.

Zoyang'ana mukafika kushopu

Pa bokosi pamakhala manambala awiri ofunika. Loyamba ndi malo osungira zinthu: 64GB ngati mungakwanitse, 32GB ngati zavutitsitsa, koma 16GB ikanidwe ngakhale atakupatsani ndi chikwama chake. Inu ntchito yanu ndi zithunzi za zitenje, ndipo zithunzi zimadya malo. Lachiwiri ndi RAM, imene imachititsa kuti foni isamaganize nthawi yaitali: 3GB kapena 4GB. Apa chenjerani, chifukwa masiku ano amalemba zinthu ngati 4GB+4GB n'kukuuzani kuti ndi 8. Yeniyeni ndi nambala yoyambayo, inayo amangobwereka ku malo osungira zinthu aja ndipo siithamanga chimodzimodzi. Mukaona ya 2GB, ikhale yolembedwa Android Go, umene ndi Android wopepukitsidwa dala kuti aziyenda m'mafoni ang'onoang'ono. Imagwira ntchito, koma musaisenzetse katundu wambiri.

Manambalawo musangokhulupirira a pa bokosi. Auzeni aiyatse, mulowe mu Settings muone nokha. Dinani *#06# ndipo nambala ya IMEI, yozindikiritsa foniyo, imene ituluke ifanane ndi ya pa bokosi. Ikasiyana, bwezani foniyo, tsanzikani.

Ndiye sikirini, poti ndi imene inandigwetsa ine. Tsegulani polembera uthenga, mudine chilembo chilichonse, makamaka za m'mphepete ndi za kunsi. Tulukani nayo pakhomo la shopu muione padzuwa, chifukwa inu simugulitsira mu ofesi, ndipo zotchipa zambiri padzuwa zimachita mdima. Jambulani chitenje chimene mwavala muone ngati chofiira chikutuluka chofiira. Kasitomala akaitanitsa chofiira n'kulandira cha mtundu wa njerwa, mlandu ndi wanu, osati wa kamera. Kuyesa kamera n'komweko basi, maso a kumbuyo musawawerenge. Ikhale ya 4G, batire 5000mAh, ndipo ngati pobayira chaja ndi pa Type-C ndi bwino, chifukwa kachingwe kake kamalowa mbali iliyonse ndipo sikavuta kubwereka. Risiti ndi pepala la waranti mutenge, ngakhale mnyamatayo akutchuleni bwana kangati.

Ndinaiwala kunena za bandulo, ndipo mwina ndi imene idzakudabwitseni koposa. Walira mvula walira matope. Ya mabatani ija inkangofuna mayunitsi, iyi izifuna kudya sabata iliyonse, ndipo ikangolumikizidwa ikhoza kuyamba kudzikonza yokha mapulogalamu inu muli mtulo. Tsiku loyamba lomwelo mwana wanu uja, poti ndi wodziwa zinthu, agwire ntchito: atseke zoti zithunzi ndi mavidiyo a pa WhatsApp azidzilowera okha, atsekenso zoti mapulogalamu azidzikonza pa data. Akuikireni WhatsApp Business, ndi yaulere, ndipo ili ndi poika zithunzi za katundu ndi mitengo yake kuti musamatumize chimodzichimodzi kwa aliyense. Magemu ake asaikemo. Ndikubwereza, asaikemo.

Yankho langa ndi loti inde, gulani. Foni yotchipa ya tachi, ya dzina lodziwika, yatsopano, yokhala ndi manambala ndatchulawo, idzakutumikirani pa WhatsApp, pa zithunzi, pa kutumiza ndi kulandira ndalama. Idzachedwa pang'ono potsegula zinthu, usiku sidzajambula bwino, ndipo ikadzakwana zaka ziwiri mudzayamba kuimva kulemera. Itel imene anakuonetsaniyo simunandiuze kuti ndi iti, choncho bwererani mukaione ndi maso atsopano, muyerekezenso ndi Tecno kapena Samsung ya mtundu wa A yotsika mtengo. Pa ndalama yanuyo mupatulepo ya kagalasi koteteza sikirini ndi chikwama cha labala, muike tsiku lomwelo musanakwere minibasi yobwerera.

Ya mabataniyo musagulitse ndipo musapatse munthu. Muziitchaja kamodzi pamwezi. Yanga ili m'drowa ya pafupi ndi bedi, pamodzi ndi kapini kotulutsira simu, poti mayi a kunyumba anati ndolo zawo zisadzagwirenso ntchito imeneyo.