Pulesha ya m'maso yatsika, kodi bambo asiye mankhwala?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti bambo ake a zaka 61 anawapeza ndi glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, pulesha ya m'maso ili pa 19, pomwe mnzawo wa kutchalitchi anamupeza ndi 24 n'kungomuuza kuti adzabwerenso pakatha miyezi 6. Pano pulesha ya bambowo yatsika kufika pa 14, ndipo akuti achira, botolo likatha sagulanso lina. Kodi adokotala sanalakwitse? Nanga bambo asiyedi?

Amayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndilo lachangu: asasiye ayi. Nambala ya 14 imeneyo ndi ntchito ya mankhwalawo. Akangosiya, pulesha ibwerera pomwe inali, ndipo iwo sadzamva kupweteka kulikonse kowachenjeza.

M'kati mwa diso mumapangidwa timadzi toyera usana ndi usiku (si misozi), ndipo timatuluka kudzera m'tingalande ting'onoting'ono kwambiri. Tingalandeto tikamatsekeka, diso limalimba ngati mpira wopopa mopitirira. Kulimbako n'kumene amayeza, mu mmHg ngati BP, ngakhale kuti BP ndi nkhani ina. Anthu ambiri amapezeka pakati pa 10 ndi 21.

Koma glaucoma ndi kuwonongeka kwa mtsempha wotenga zithunzi kuchoka m'diso kupita ku ubongo. Pali anthu amene mtsempha wawo umafooka pulesha ili pa 17, ndipo pali ena amene amakhala ndi 24 zaka zambiri mtsempha uli bwinobwino. N'chifukwa chake dokotala amasuzumira kumbuyo kwa diso kuti aone mtsemphawo, n'kukukhazikani pa makina oti muzidina batani mukaona kakuwala kakuphethira cham'mbali. Glaucoma imayamba kudya m'mbali, pakati pamatsala pooneka bwino, munthu n'kumawerenga nyuzipepala osadziwa kanthu. Ndikuganiza kuti adokotala anaona zimenezi mwa bambo anu, ndipo mnzawoyo mtsempha wake unali usanakhudzidwe.

Kayezedwe nakonso kamasinthasintha. Chipangizo chimene madokotala amachikhulupirira kwambiri anachipanga ndi Hans Goldmann wa ku Bern, ku Switzerland, m'zaka za m'ma 1950. Amakudonthezani mankhwala ochititsa dzanzi ndi utoto wachikasu, mumaika chibwano pa kathabwa, kenako kansonga kowala buluu kamagunda diso pang'ono. Simumva n'komwe. M'mashopu a magalasi amakonda makina opemerera kamphepo m'diso, achangu, koma akapeza nambala yokwera ndi bwino kutsimikizira ndi chipangizo cha Goldmann chija. Munthu akafinya zikope ndi mantha, akabanika mpweya, ngakhale akamanga tayi yothina pakhosi, nambala imakwera. Amene cornea yake, kagalasi ka kutsogolo kwa diso, ndi yokhuthala amaoneka ngati ali ndi pulesha yokwera kuposa yeniyeni. Amene ili yopyapyala amaoneka ngati ali bwino chonsecho ayi. Ndipo nambala ya m'mawa imatha kusiyana ndi ya madzulo. Kuyeza kamodzi kokha sikutha nkhani.

Pamene nambalayi imagwira ntchito kwenikweni ndi pa chithandizo. Dokotala amasankha malire a diso la munthu aliyense payekha, kawirikawiri kutsitsa pulesha ndi 25 kapena 30 peresenti kuchoka pomwe anaipeza. Kuchoka pa 19 kufika pa 14 ndiye kuti zikuyenda. Madontho akalephera, pamabwera chithandizo cha kuwala kwa laser kapena opaleshoni yotsegula njira ina ya timadzi tija. Zonsezi zimangoteteza zimene zatsala. Anthu ambiri amasokoneza glaucoma ndi ng'ala, imene akaichotsa munthu amaonanso. Kuona kumene glaucoma yatenga sikubwerera.

Muonetsetse dzina la pa botolo. Ngati ndi timolol ndipo bambo ali ndi mphumu kapena mtima wogunda pang'onopang'ono, adokotala adziwe msanga. Tsiku lopita kukayezetsa adontheze monga mwa masiku onse, botololo alitenge. Ndipo asamagule okha mankhwala a steroid odontheza m'maso pakayabwa, chifukwa amakweza pulesha.

Inunso, amayi, ndi abale anu obadwa nawo, musangoperekeza. Matendawa amayenda m'magazi, ndipo mwa ife anthu akuda amabwera msanga komanso mwamphamvu. Ulendo wotsatira, kaya ndi ku Lions Sight First ku Queens, ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma, mupemphe kuti bambo akadzuka pa mpandopo mukhalepo inu, akuyezeni pulesha n'kuonanso mtsempha.