Kusankha komiti popanda wolira kuti zaberedwa

Amayi, mwati gulu lanu la anthu pafupifupi 60 likufuna kusankha komiti yatsopano ndipo mwagawanika: ena akuti tingokweza manja, ena akuti tiike poll (kuvota kodina pafoni) pa WhatsApp, pomwe inu mukuopa kuti padzapezeka wonena kuti zaberedwa. Nditalikitsako, mundipirire.

Pagulu laling'ono choopsa si katswiri wa makompyuta wobisala kwinakwake ayi. Choopsa ndi kudziwana. Amene akufuna mpandoyo mwina ndi mlamu wanu, mwina ndi bwana wanu, mwina muli naye ngongole. Mukati kwezani manja, munthu amayamba wacheuka kaye, dzanja n'kukwera motsatira nkhope ya amene akumuopa. Manjawo muwerenga molondola, palibe wabera, koma zotulukazo si zimene zinali m'mitima ya anthu. Ku Britain ankavota poyera chomwecho, eni malo ndi mabwana akuonerera, mpaka lamulo la 1872 linabweretsa voti yachinsinsi, imene madera a ku Australia monga Victoria anali atayamba kale mu 1856. Kukweza manja kusiyireni nkhani zopepuka, monga kuvomereza maminitsi.

Poll ya pa WhatsApp ndi kukweza manja komweko, kungoti ndi kwa pafoni. Aliyense m'gulumo angathe kudina n'kuona kuti uje wavotera ndani, ndipo munthu angathe kusintha voti atalandira foni yomukalipira. Fomu ya Google nayo ili ndi zake: amene waipanga ndiye amasunga mayankho onse ndipo angathe kufufuta ena. Mukaisiya yotsegula, mmodzi avota kambirimbiri. Mukafuna kuti izitenga maimelo, chinsinsi chathera pomwepo.

Apa ndiye pagona nkhani. Chisankho chimafuna zinthu ziwiri zokokana: tidziwe bwinobwino amene wavota, koma tisadziwe chimene wavotera. Kaundula adziwe mayina, bokosi lisadziwe dzina la munthu, ndipo pasakhale chingwe cholumikiza ziwirizi. Pepala ndi bokosi zimachita zimenezi mosavuta, ndipo aliyense amaziona ndi maso ake.

Yambani ndi kaundula, chifukwa mikangano yambiri imabadwira pamenepo, osati m'bokosi. Kodi amene sanalipire ndalama za umembala avota? Nanga amene walowa gulu sabata yatha, atabwera ndi mmodzi wa opikisana? Gwirizanani, tsekani kaundula masabata awiri chisankho chisanafike, muike poyera kuti wodandaula adandauliretu. Oyendetsa chisankho akhale atatu, asakhale opikisana kapena abale awo, ndipo wopikisana aliyense akhale ndi monita wake.

Pa pepala lovotera musindikiziretu mayina, munthu azingochonga. Izi anthu amazipeputsa, koma mlembi amene wakhala akulandira makalata anu zaka zonsezi amadziwa kalembedwe ka aliyense. Ngakhale makadinala posankha Papa amauzidwa kuti alembe dzinalo mosintha kalembedwe kuti asazindikirike. Cholembera chikhale chimodzi kwa onse. Kumbuyo kwa pepala lililonse kukhale chidindo kapena siginecha ya woyendetsa chisankho, kuti pepala lochokera kunja lidziwike, koma musalembepo nambala yogwirizana ndi dzina. Munthu asainire m'kaundula, alandire pepala limodzi, akachonge pobisika, apinde, aponye yekha m'bokosi limene linaonetsedwa kwa onse lili lopanda kanthu. Foni isalowe pochongera, chifukwa chithunzi cha voti ndi lisiti kwa wogula mavoti.

Pepala lisatulukenso m'chipindamo. Pali kaberedwe kena kakale kamene kamangofuna pepala limodzi losachonga. Wogula mavoti amalichonga yekha panja n'kupatsa munthu, munthuyo akaponya lochongedwalo n'kubwera nalo lake losachonga, n'kulandira ndalama, ndipo limenelo limapita kwa wotsatira. Mzere wonse ukhoza kuvota ndi dzanja la munthu mmodzi popanda bokosi kukhudzidwa.

Kuwerenga kuchitike pomwepo, nthawi yomweyo. Bokosi likangoti lagona kunyumba kwa wina, ngakhale akhale woyera mtima chotani, mwapereka kale chonena kwa wogonja. Musanatambasule mapepala, awerengeni ali chipindire ndi kuyerekeza ndi masiginecha a m'kaundula. Asaina 54, mapepala akhale 54. Makadinala aja, amene posankha Papa mu 2025 anavota ali 133, ali ndi lamulo lakuti mapepala akapanda kufanana ndi chiwerengero cha ovota amawotchedwa onse osatsegulidwa n'kuvotanso. Inu simusowa moto, koma mfundoyo itengeni. Kenako mmodzi atambasule pepala lililonse, aonetse mamonita, atchule dzina mokweza, awiri azilemba payekhapayekha. Zotsatira zilembedwe pa pepala limodzi, onse asaine, aliyense wofuna ajambule. Mavotiwo muwamate mu envelopu ndi kusunga mwina mwezi umodzi, kuti wofuna kuwerenganso apeze poyambira.

Zina muzimange musanavote, chifukwa mukadziwa zotsatira aliyense amakonda lamulo lomukomera. Wopambana ndi wopeza mavoti ambiri chabe, kapena woposa theka? Taonani: pa mavoti 60, wina 22, wina 20, wina 18. Wa 22 uja wapambana, koma anthu 38 sanamufune. Ineyo pa mpando wa wapampando ndi wa msungichuma ndimakonda kuti awiri otsogola abwerezenso, pomwe mamembala wamba a komiti angotengedwa opeza ambiri. Gwirizananinso za voti yowonongeka: wachonga awiri, kapena walemba dzina lake, imeneyo yatayika, koma amene waika mtanda m'malo mwa chongi maganizo ake akuoneka, musamulange. Akafanana mavoti, mubwereza kapena muchita maere? Zilembedwe.

Tsono za amene ali kutali. Njira yosavuta ndi ya maenvelopu awiri: voti ilowe mu envelopu yosalembedwa kanthu, imeneyo ilowe mu ina yokhala ndi dzina ndi siginecha. Oyendetsa chisankho achonge dzinalo m'kaundula, atsegule yakunja, yamkatiyo aponye m'bokosi isakanikirane ndi ena. Musamawerenge mavoti akutali paokha. Akakhala atatu ndipo onse apita kwa munthu mmodzi, mwaulula chinsinsi cha anthu atatu.

Sindikunena kuti kuvota pa intaneti n'kosatheka. Dziko la Estonia lakhala likuchita kuyambira 2005, koma limadalira chiphaso cha boma chokhala ndi makiyi achinsinsi, chimene gulu lanu lilibe. Ku Germany khothi loona za malamulo aakulu a dziko linagamula mu 2009 kuti makina ovotera amene anagwiritsidwa ntchito sanali ovomerezeka, chifukwa munthu wamba sakanatha kutsimikiza kuwerengako popanda ukatswiri. Ngati mamembala anu ambiri sangathe kukumana, pali mapulogalamu opangidwira zisankho za mabungwe, monga Helios, amene amatumizira wovota aliyense chilolezo chakechake, amabisa voti, ndipo amalola munthu kutsimikiza kuti voti yake yalowa m'chiwerengero. Ngakhale pamenepo, mndandanda wa olandira chilolezo uonedwe ndi mamonita onse, ndipo makiyi otsegulira zotsatira agawidwe kwa anthu angapo, asakhale ndi mmodzi. Chimene pulogalamu singathe n'kuona amene waima kumbuyo kwa wovota pamene akudina foni kunyumba kwake, choncho ngati anthu 60 anuwo angakwane m'chipinda chimodzi, ine ndingasankhe pepala.