Kwa achimwene ofuna kukatsetsereka ku Berthoud Pass mu Novembala

Achimwene, mwafunsa ngati mungatsagane ndi anzanu a kuntchito kukasewera ski ku Berthoud Pass, kutchire kopanda oyang'anira, poti sinowo yangoyamba kumene ndipo idakali yochepa. Mawu akuti "idakali yochepa" ndi amene andidetsa nkhawa.

Kuno ku Colorado vuto la zigumukire za sinowo limabadwa ndi sinowo yoyambayo. Imagwa mu Okutobala, kenako kumwamba kumayera masabata angapo, usiku kukuzizira koopsa. Nthaka imakhala yofundirako kuposa mpweya, ndiye sinowo yopyapyalayo imasanduka timibulu tosagwirana, mukaifumbata imangoyoyoka ngati shuga. Ikadzagwa ina yambiri, mphepo imaiunjika n'kuilimbitsa ngati thabwa pamwamba pa shugayo. Taganizani chitseko chogonekedwa pa chimanga chotonola, pamalo otsetsereka, inu n'kupondapo. Chigumukire chake chimakhala chotero, phiri lonse kutsika ngati napolo. Ndipo shuga wapansiyo sachoka msanga, amatha kukhalapo miyezi.

Samalani kwambiri ndi mbali zoyang'ana kumpoto ndi kumpoto chakum'mawa, chifukwa kumeneko dzuwa silisungunula sinowo ya Okutobala. Zigumukire zambiri zimayambira pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi okoma kutsetserekapo. Kuyenda pachidikha m'munsi mwake sikukutetezani ayi. Pa 20 Epulo 2013, ku Sheep Creek pafupi ndi Loveland Pass, anthu asanu adafa atagumula sinowo ali chakumunsi. Sadali alendo m'mapiri, ndipo zida adali nazo.

Musanachoke panyumba werengani lipoti la tsikulo la Colorado Avalanche Information Center, bungwe lochenjeza za zigumukire za sinowo. Amayeza ngozi kuyambira 1 mpaka 5. Musanyengeke ndi 3 poti ili pakati. Anthu ambiri amafera pamenepo, chifukwa pa 4 ndi 5 aliyense amaopa n'kukhala kunyumba. Mukafika kuphiri, mukamva sinowo ikutitimira pansi pa mapazi ndi phokoso loti "wuu", kapena ming'alu ikuthamanga kuchokera pa ski yanu, bwererani basi, ngakhale anzanu akuseke.

Funso langa kwa inu ndi ili: anzanuwo aliyense ali ndi transceiver (kachipangizo kovala pathupi kothandiza kupeza munthu wokwiririka), ndodo yofufuzira ndi fosholo? Nanga amadziwa kuzigwiritsa ntchito? Munthu wokwiririka akafukulidwa m'mphindi 15 zoyamba kawirikawiri amapulumuka, kupyola apo mwayi umatsika msangamsanga. Sinowo yogumuka ikaima imalimba ngati simenti, ndi manja simungakumbe. Opulumutsa anthu sangafike m'mphindi zimenezo, wokufukulani ndi mnzanu yemwe muli naye. Ine chaka changa choyamba ndidagula transceiver n'kumangoyenda nayo, tsiku loyeserera ndidatha nthawi yaitali ndikuzungulira chikwama chokwiriridwa pafupi pomwepo. Manyazi ake!

Palinso zina za nyengo ino: miyala ndi zitsa zimangophimbika pang'ono, mawondo ambiri amathera pamenepo.

Ndikanakhala inu, Novembala uno ndikanapita ku Arapahoe Basin kapena ku Loveland Ski Area, komwe amatsegula msanga ndipo pali ogwira ntchito oyang'anira malowo, n'kulembetsa maphunziro oyamba a kupewa zigumukire otchedwa AIARE 1, omwe amatenga pafupifupi masiku atatu. Anzanuwo muwafunse lipoti la tsikulo likuti chiyani. Akakuyankhani kuti "tikaonera komweko", musakwere nawo galimoto.