Akufuna ndilipire ngozi ya minibasi, pomwe yanga ndi lole

Funso

Zikomo aphungu. Ndili ndi lole yabuluu ya matani awiri imene ndimanyamulira zinanazi ndi mapeyala kuchoka kuno ku Mulanje kupita ku Limbe kudzera msewu wa Midima. Sabata ziwiri zapitazo ndinalandira kalata ya kampani ina yotolera ngongole. Akuti galimoto yanga inagunda ya munthu wina ku Lilongwe n'kuthawa, ndiye a inshulansi amene anakonzetsa galimoto yogundidwayo akufuna ndiwabwezere K1,850,000. Chiigulireni, lole yangayi sinapondeko ku Lilongwe. Kalatayo ikunena za minibasi yoyera, koma nambala imene alembapo ndi yangadi. Tsopano akungondiimbira tsiku ndi tsiku kuti ndipereke kaye ngakhale K100,000 "yoonetsa mtima", apo ayi atumiza masherifi adzalande lole. Mayi akunyumba akuti tingopereka kuti tizigona tulo. Nditani?

Wamalonda wa zinanazi, Mulanje

Yankho

Bambo, pepani kwambiri. Lole imeneyo ndiye khasu lanu, ndipo ndikudziwa kuti mawu akuti "tidzalanda" amawawitsa m'mimba. Mayi akunyumba akulankhula chifukwa cha nkhawa, ndikuwamvetsa, koma pa ichi chokha muwapepese: musapereke ngakhale tambala imodzi.

K100,000 imeneyo ndi yoopsa kuposa kalata yonse. Mukangoipereka, mawa lake adzaiika patebulo n'kunena kuti, "Akanakhala wosalakwa akanalipira bwanji?" Mudzakhala mwasainira ngozi imene simunaione. Chimodzimodzinso pepala lililonse lakuti muzilipira pang'onopang'ono, musalisaine. Ndipo ngati woimbayo akukupatsani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yokhala m'dzina la munthu, chenjerani kawiri, chifukwa nthawi zina kalata zotere zimakhala za akathyali chabe. Pezani nokha nambala ya ofesi ya inshulansi yatchulidwayo, osati imene ili pakalatapo, mufunse ngati anatumadi anthu amenewa.

Taganizirani mmene dzina lanu lafikira pamenepa. Wothawa pangozi sasiya mapepala. Amene amagwira nambala ndi munthu woima pambali pamsewu, mwina kuli chisisira, galimoto ikuthamanga, nambala ili ndi fumbi. Pamenepo 3 amasanduka 8, 1 amasanduka 7, MJ wathu wa ku Mulanje kuno amasokonekera ndi MH wa ku Mangochi. Nambalayo ikalowa mu lipoti la apolisi, wina amakaifufuza ku Road Traffic, kompyuta n'kutulutsa dzina la mwini wake. Chimene wofufuzayo sanachite n'kuwerenga mzere wotsatira. Kompyuta yomweyo, ya MalTIS, imasonyezanso mtundu wa galimoto, maonekedwe ake, nambala ya chesisi ndi ya injini. Akanangoyang'ana akanaona kuti mboni yanena minibasi yoyera pomwe nambalayo ndi ya lole yabuluu. Kunena zoona zimandipweteka mtima kuti munthu wogwira ntchito yake mwachilungamo asowe tulo chifukwa wina anachita ulesi kuwerenga mzere umodzi.

Apa ndiye pagona mphamvu yanu. Nambala ndi kachitsulo kongomangirira, aliyense akhoza kukasula kapena kukasindikizitsa. Dzina lenileni la galimoto ndi nambala ya chesisi, yodindidwa pachitsulo chenicheni, ndipo ndi imene ili mu bulubuku wanu. Tengani bulubukuyo, COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi pepala la inshulansi, muchititse fotokope zonse. Jambulani lole kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, nambala ikuoneka bwino, mujambulenso pamene padindidwa chesisi. Kenako mupite ku ofesi ya Road Traffic ku Blantyre mukapemphe kuti akutsimikizireni zimene zalembedwa pa nambala yanuyo. Ulendo umenewo muuphatikize ndi tsiku limene mukukatsitsa katundu ku Limbe, musawononge mafuta kawiri.

Muonenso tsiku la ngozi limene alemba. Lole inali kuti tsiku limenelo? Fufuzani m'kabati ndi m'foni: tikiti ya msika, lisiti ya mafuta, uthenga wa ndalama imene wogula anakutumizirani, ngakhale buku la alimi amene munawagula zinanazi. Ife amalonda timapeputsa timapepala timeneti, koma kukhoti timalankhula kuposa kulumbira.

Mukasonkhanitsa zimenezi, lembani kalata. Kukangana pafoni sikusiya umboni. Isakhale yaitali kapena yamwano. Nenani kuti mukukana ngongole yonse, kuti galimoto yanu ndi lole osati minibasi, ndipo sinali ku Lilongwe tsiku limenelo. Apempheni akutumizireni lipoti la apolisi, zithunzi za ngoziyo ndi umboni uliwonse wolumikiza lole yanu ndi nkhaniyi, pakuti wonena kuti uli naye ngongole ndiye amayenera kubweretsa umboni. Muwauzenso kuti kuyambira lero azikulemberani, asamakuimbireni. Kalata imodzi ipite kwa otolera ngongolewo, ina ku kampani ya inshulansi imene yawatuma, ndipo kope yanu akudindireni chidindo chosonyeza tsiku limene alandira. Bulubuku weniweni asachoke m'manja mwanu.

A inshulansi anu muwadziwitse sabata yomwe ino, polemba. Inshulansi ya third party (yolipira anthu ena amene galimoto yanu yawavulaza kapena kuwawonongera katundu) imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo ntchito yake ndi nkhani ngati zimenezi, ndipo makampani sakondwa kumva mochedwa.

Pali chinthu china chimene sindifuna muchinyalanyaze. Mwina mboni sinalakwitse, mwina kulidi minibasi ikuyenda ndi nambala yanu yabodza. Ngati zili choncho, kalata imeneyi ndi yoyamba chabe. Mawa kudzabwera chindapusa, mkuja nkhani yakuba. Pitani kupolisi ya Mulanje mukapereke sitetimenti, ndipo musunge nambala ya lipoti lanulo.

Za masherifi mtima ukhale m'malo. Wotolera ngongole si sherifi ndipo alibe mphamvu yogwira katundu wanu. Masherifi amabwera ndi chikalata cha khoti, ndipo chikalatacho chimatuluka mlandu utazengedwa, chigamulo chitaperekedwa. Wina akafika pakhomo panu wopanda pepala la khoti n'kufuna makiyi, itanani apolisi ndi amfumu.

Koma samalani apa, chifukwa ndi pamene osalakwa ambiri amagwera. Samani ya khoti ikafika, musaiponye pansi pa matiresi poganiza kuti choonadi chidzadziyankhira chokha. Mlandu suwola. Mukapanda kuyankha m'masiku olembedwa pa samaniyo, khoti likhoza kugamula inu kulibe, ndipo pamenepo masherifi abwera moona, lamulo lili kumbuyo kwawo. Kukachotsetsa chigamulo chotero n'kotheka, koma kumadya nthawi ndi ndalama zimene mukanagulira katundu. Ngati loya wolipira simungamukwanitse, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati inu. Pitani ndi mapepala onse tsiku lomwelo mwalandira samani.

Ngati kampani ya inshulansiyo yalandira kalata yanu koma ikungokakamirabe popanda kuonetsa umboni, dandaulo lanu mulipititse ku Reserve Bank, kwa Registrar of Financial Institutions, amene amayang'anira mabanki ndi makampani a inshulansi m'dziko muno.

Nkhani ikatha musakhutire ndi mawu apafoni akuti "basi bambo, inali mistake." Akulembereni kalata yonena kuti fayilo yatsekedwa ndipo mulibe nawo ngongole. Ndikulimbikira izi chifukwa kuyambira pamene lamulo la ma credit reference bureau (makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu) linakhazikitsidwa mu 2010, mbiri ya ngongole ya munthu imasungidwa, ndipo mabanki amaiyang'ana asanabwereketse. Simukufuna kuti tsiku lokatenga ngongole yogulira matayala nyengo ya zinanazi ikuyandikira mukamve kuti dzina lanu lili ndi banga. Kalata imeneyo muisunge pamodzi ndi bulubuku, ndipo fotokope yake izikhala m'kabati ya lole.