Myuda wosunga Sabata n'kunyamula mfuti pa Loweruka: kodi si chinyengo?

Mayi wina wa ku Thyolo, wa mpingo wa Adventist, wandilembera imelo. Mwana wawo ali m'gulu la achinyamata amene akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ku Israel kuyambira kumapeto kwa 2023. Malonje ndawadula, funso lawo nali:

"Mwana wanga amati pa Loweruka mwini munda sayendetsa galimoto, sagwira foni, ngakhale magetsi sayatsa. Koma tsiku lina la Sabata anaitanidwa ku usilikali, basi anangonyamula mfuti n'kuliza galimoto, kachipewa kake kopempherera kali kumutu. Akuti kulinso Ayuda ena ovala zakuda amene amakana usilikali mpaka kumatseka misewu. Nanga poti Sabata tinaidziwira kwa iwowa, akusunga bwino ndani? Kodi si chinyengo chimenechi?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi yankho kenako ndifotokoze. Malinga ndi chipembedzo chake, bwana wa mwana wanuyo sanalakwe. Akanati akhale pakhomo kudikira kuti dzuwa lilowe, apo ndiye akanachimwa. Ndipo ovala zakudawo chimene akukanira usilikali si Sabata ayi. Mwamanga mitolo iwiri ndi luzi limodzi, tiyeni tiimasule.

Funso lanuli Ayuda analiyankha ndi magazi. Cha m'ma 167 Yesu asanabadwe, mfumu Antiochus Epiphanes inaletsa mdulidwe, Sabata ndi zonse za Chiyuda. Anthu ena anathawira kuchipululu n'kukabisala m'mapanga. Asilikali a mfumu anawapeza, ndipo anawaukira pa tsiku la Sabata. Iwo sanaponye ngakhale mwala umodzi, pakhomo pa phanga sanatseke. Anafa anthu pafupifupi 1,000, amuna, akazi ndi ana, pamodzi ndi ziweto zawo. Wansembe Mattathias, bambo wake wa Judah Maccabee, atamva za malirowo anagwirizana ndi anzake kuti tikachita ngati abale athuwa titha psiti, choncho wotiputa pa Sabata tidzamenyana naye. Nkhaniyi ili pa 1 Amakabeo mutu 2. M'Buku Lopatulika lanulo simuipeza, mubwereke Baibulo la mnansi wanu wa Katolika.

Koma chigamulocho chinali ndi kampata. Ambiri ankachimva kuti umabwezera pokhapokha mdani wakuponyera muvi. Wolemba mbiri Josephus akuti mkulu wankhondo wa Aroma, Pompey, atazinga Jerusalem mu 63 Yesu asanabadwe, anatulukira zimenezi. Pa Sabata sankaponya kanthu, ankangokwirira chigwa ndi kusendeza zida zogumulira linga, Ayuda akuyang'ana pamwamba manja ali lende. Mzinda unagwa.

Marabi a m'Talmud, buku lalikulu la zokambirana za malamulo achiyuda, anatseka kampatako. Mfundo yawo imatchedwa pikuach nefesh, kutanthauza kupulumutsa moyo. Rabi wina, Shmuel, anaimanga pa Levitiko 18:5, pamene akuti munthu akasunga malamulo adzakhala ndi moyo nawo. Iye anati: mwamva, akuti adzakhala ndi moyo, sananene kuti adzafa nawo. Pa tsamba lomwelo, Yoma 85, pali mawu akuti Sabata inaperekedwa m'manja mwanu, si inu munaperekedwa m'manja mwake. Inu odziwa Marko 2:27 mwamva kale kufanana kwake. Yesu sankalankhula chinthu chachilendo m'makutu mwa Ayuda anzake.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanachitenge ngati chilolezo chochita mwamanyazi. Maimonides, rabi amenenso anali dokotala ku Egypt ndipo anamwalira mu 1204, analemba kuti moyo ukakhala pa chiswe pa Sabata, ntchitoyo asaikankhire kwa ana kapena kwa akunja, agwire akuluakulu ndi anzeru a mu Israel eni ake, ndipo asazengereze. Chifukwa chake anati malamulo a Mose sanabwere kudzabwezera dziko, anabwera ndi chifundo, kukoma mtima ndi mtendere. Ndiye mwini mundayo poliza galimoto sankaba Sabata. Kwa iye ulendowo unali kusunga lamulo.

Pa nkhondo penipeni Talmud inafika mpaka pa udzu. Pa Eruvin 45 akuti adani akabwera kufuna chuma chokha, musatuluke ndi zida pa Sabata. Akabwera kufuna miyoyo, tulukani. Koma ngati mudziwo uli m'malire, ngakhale abwere kudzangoba udzu ndi mapesi, tulukani ndi zida, chifukwa wolowera pa mapesi lero mawa alowa m'nyumba. Lamuloli linalowanso mu Shulchan Aruch, buku la Yosef Karo losindikizidwa ku Venice mu 1565, limene Ayuda osunga mwambo amatsatira mpaka pano. Tangoganizani, ankalikopera ndi kuliloweza kwa zaka mazanamazana pamene analibe malire alionse oti ateteze.

N'chifukwa chake pa 6 Okutobala 1973, Egypt ndi Syria zitaukira pa tsiku la Yom Kippur, tsiku la chitetezero ndi kusala kudya, limenenso linali Loweruka, amuna anatuluka m'masunagoge ali ndi njala ya kusala n'kukwera magalimoto a asilikali. Pa 7 Okutobala 2023, tsiku limene Hamas inapha anthu pafupifupi 1,200, linalinso Sabata komanso chikondwerero cha Simchat Torah.

Musaganize kuti nkhondo ikayamba ndiye Sabata yathera pompo. Chololedwa n'chokhacho chokhudza moyo. Msilikali angathe kuyendetsa galimoto yolondera ndi kulankhula pa wailesi, koma akafika pamalo sangayatse ndudu kapena kuimbira foni bwenzi lake. Pa Sabata usilikali wa Israel suchititsa maphunziro wamba, ndipo makhitchini ake amatsatira malamulo a zakudya. Zambiri mwa izi anaziyala ndi Shlomo Goren, rabi wamkulu woyamba wa asilikali kuyambira 1948, yemwe uja anaomba lipenga la nyanga ya nkhosa pa khoma la kachisi mu 1967. Anali ndi ntchito, poti mabuku akale sankadziwa za akasinja ndi ndege. Kulinso bungwe lotchedwa Zomet limene limapanga zipangizo zochepetsa kuswa Sabata pa ntchito zosapeweka, monga cholembera chimene inki yake imazimirira pakapita masiku, popeza kulemba kosakhalitsa n'kolakwa pang'ono kusiyana ndi kulemba kokhalitsa. Ndikudziwa ena a inu mukuseka. Inenso ndinaseka poyamba. Koma munthu wovutikira mpaka inki ameneyu simungamunene kuti Sabata alibe nayo ntchito.

Pali zinthu zitatu zokha zimene kupulumutsa moyo wako sikungakuloleze: kupembedza mafano, chigololo, ndi kupha munthu wosalakwa. Talmud imasimba za munthu amene anauzidwa ndi wolamulira kuti ukapanda kupha wakutiwakuti ndikupha iweyo. Rabi anamuyankha kuti lola akuphe, wakuuza ndani kuti magazi ako ndi ofiira kuposa a mnzakoyo?

Tsopano mtolo wachiwiri uja, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Ovala zakudawo amatchedwa Haredi. Pa za kupulumutsa moyo pa Sabata sasiyana ndi anzawo ngakhale pang'ono. Iwo omwe ndi amene anayambitsa ma ambulansi a Hatzalah ku Brooklyn, amene amathamanga pa Loweruka ngati tsiku lina lililonse. Ku Johannesburg nakonso aliko. Mkangano wawo uli pa funso lina: kodi boma la Israel lili ndi tanthauzo lanji pamaso pa Mulungu?

Kumbukirani kuti Aroma anagumula kachisi mu 70, ndipo kuukira kwa Bar Kokhba kunatha ndi imfa zosaneneka cha mu 135. Kuchokera apo mpaka 1948 Ayuda analibe boma lawolawo kumeneko. Marabi anaphunzirapo kuopa lupanga. Ngakhale chikondwerero cha Hanukkah, chokumbukira kupambana kwa Amakabeo, anachisandutsa nkhani ya mafuta a nyale, n'kusankha kuti pa Sabata yake aziwerenga Zekariya 4:6, pamene akuti si ndi khamu la nkhondo kapena mphamvu koma ndi Mzimu wanga. Ndipo pa Ketubot 111 muli malumbiro atatu, otengedwa pa mawu obwerezedwa m'Nyimbo ya Solomo akuti musadzutse chikondi nthawi yake isanakwane: Ayuda asabwerere kudziko lawo mwa chigulu ngati khoma, asaukire mitundu ya anthu, ndipo mitundu nayo isawazunze mopitirira muyeso.

Rabi Yoel Teitelbaum wa gulu la Satmar, wopulumuka ku chipululutso cha Hitler, anatulutsa buku lathunthu mu 1961 kunena kuti kukhazikitsa boma Mesiya asanabwere n'kuswa malumbirowo. Kagulu ka Neturei Karta, kamene mumakaona pa TV katanyamula mbendera ya Palestine, kali mbali imeneyi, ngakhale n'kochepa kwambiri. Mbali ina kuli ophunzira a Rabi Abraham Isaac Kook, amene anamwalira mu 1935. Iye ankaona kuti ngakhale Ayuda osapemphera amene ankalima ndi kumanga midzi ankagwira ntchito ya Mulungu osadziwa. Otsatira ake amayankha kuti mitundu ndi imene inayamba kuswa lumbiro lake, komanso kuti United Nations inavomereza mu 1947 kuti Ayuda akhale ndi boma lawo, ndiye panalibe kuukira. M'masunagoge awo amapempherera boma n'kulitchula kuti chiyambi cha kuphuka kwa chiombolo chathu. Ana awo ambiri amalowa m'sukulu za hesder, zaka zisanu zosakaniza kuphunzira malemba ndi usilikali. Ngati kachipewa ka bwana wa mwana wanuyo n'koluka ndi ulusi wamitundumitundu, mosakayika ali m'gulu limeneli.

Ma Haredi ambiri ali pakatikati. Amavota, ali ndi zipani m'nyumba ya malamulo, amalandira thandizo la boma, koma bomalo saliona ngati lopatulika. Amati kuphunzira malemba usana ndi usiku ndiko kumateteza mtundu, ndipo amaopa kuti mnyamata akalowa usilikali abwerako atataya mwambo. Mu 1948 David Ben-Gurion, nduna yaikulu yoyamba ya Israel, anawalola ophunzira pafupifupi 400 kuti asalowe usilikali, pofuna kudzutsanso sukulu zimene zinatheratu ku Ulaya. Mu 1977 boma la Menachem Begin linachotsa malire a chiwerengerocho. Mu 2022 ma Haredi anali pafupifupi 13 pa anthu 100 aliwonse m'dzikomo, ndipo pa 25 Juni 2024 khoti lalikulu linagamula kuti palibe lamulo lowapatula, ayenera kuitanidwa. Misewu imene mwana wanu anaona ikutsekedwa ndi ya mlandu umenewu.

Maganizo anga? Pa malemba awo omwe, ma Haredi aima poterera. Deuteronomo 20 imalola kubwerera kwawo amene wamanga nyumba yatsopano, wabzala mpesa, watomera mkazi, kapena wamantha. Koma Mishnah, phata la Talmud, imati zimenezo n'za nkhondo yochita kusankha, imene mfumu sinkaloledwa kuyamba popanda bwalo la akulu 71. Pa nkhondo yolamulidwa amapita onse, ngakhale mkwati kuchoka m'chipinda ndi mkwatibwi kuchoka paukwati. Ndipo Maimonides anaika kupulumutsa Israel kwa mdani woukira m'gulu la nkhondo zolamulidwa. N'kovuta kuuza mayi amene waika mwana m'manda kuti wa mnzake anali kumuteteza ali m'kalasi.

Koma enawonso sindiwasiya osawanena. Walira mvula walira matope. Malamulo amene ankawerengedwa mwamtendere m'kachipinda kophunzirira tsopano ali m'manja mwa anthu okhala ndi ndege zoponya mabomba. Mabuku omwewo amati usanamenye mzinda uyambe wapereka mtendere, usadule mitengo ya zipatso, ndipo Maimonides anati ukazinga mzinda usiye mbali imodzi yotseguka kuti wofuna kuthawa athawe. Davide analetsedwa kumanga kachisi chifukwa anakhetsa magazi ambiri, onani 1 Mbiri 22:8. Za mitundu ya Akanani, marabi anatseka nkhaniyo kalekale ponena kuti mfumu Sennacherib inasakaniza mitundu yonse, palibenso woti n'kumuloza chala. Ndiye pamene nduna yaikulu Benjamin Netanyahu anatchula Amaleki, mtundu umene Baibulo limati ufafanizidwe, mu Okutobala 2023, n'zosadabwitsa kuti South Africa inawatengera mawuwo ku khoti la ku The Hague, ngakhale ofesi yake inati ankanena za Hamas yokha. Anthu masauzande makumimakumi afa ku Gaza, ndipo pakati pa Ayuda opemphera enieniwo pali mkangano woopsa ngati zimenezi zikukwanira m'malire a malamulo aja. Wophunzira wina wosunga mwambo kwambiri, Yeshayahu Leibowitz, anakhala akuchenjeza kuyambira 1967 mpaka imfa yake mu 1994 kuti kuyesa boma kapena nthaka chinthu chopatulika n'kupembedza fano.

Pomaliza, Mayi, poti ndikudziwa kuti pansi pa funso lanu pali nkhawa ya mwana. Muuzeni kuti belu lochenjeza za mabomba likalira pa Sabata asayang'ane kuti bwana achita chiyani, athamangire kobisala. Bwanayo amupeza komweko, mwinanso atanyamula foni m'manja. Ndipo akavulala kumunda pa Loweruka asachite manyazi kugogoda pakhomo. Marabi ambiri a masiku ano anagamula kuti Sabata imaswedwa populumutsa munthu aliyense, Myuda kapena ayi, ndipo zipatala za ku Israel zimagwira ntchito pa Loweruka pa maziko omwewo.